Kukaonera baseball ku Wrigley Field: mukhale pati, mugone kuti?

Chilengezereni akuluakulu a MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, mu Ogasiti 2025, kuti masewero a All-Star a 2027, okumanitsa akatswiri osankhidwa m'matimu onse a ligiyi, adzachitikira ku Wrigley Field mumzinda wa Chicago, abale a ku Indiana, Michigan ndi madera ena akhala akundifunsa mafunso omwewomwewo. Ambiri a iwo baseball saidziwa n'komwe. Akungofuna kukaperekeza ana obadwira kuno ku America, amene masewerowa anawalowa m'magazi kusukulu. Ndiye ndati ndiyankhe kamodzi n'kamodzi. Zambiri mwa izi zikukhudzanso masewero ena odzaza bwalo, monga timu ya pabwaloli, Cubs, ikakumana ndi Cardinals kapena White Sox, ngakhalenso a ndime ya chipulula mu Okutobala.

Mpando ndi mpando basi. N'chifukwa chiyani pabwalo limeneli munthu ayenera kuganiza kawiri?

Chifukwa bwaloli ndi nkhalamba. Linatsegulidwa mu 1914, timu ya Cubs inayamba kusewererapo mu 1916, ndipo mwa mabwalo onse a MLB lokulirapo msinkhu ndi Fenway Park ya ku Boston yokha, ya mu 1912. Mumalowa anthu opitirira pang'ono 41,000. Amisiri a nthawi imeneyo pomanga mipando ya pamwamba ankaichirikiza ndi nsanamira zachitsulo, ngati momwe timachirikizira khonde kwathu. Nsanamirazo zilipobe, ndipo zinaima pakati pa mipando ya anthu. M'mabwalo amakono vuto limeneli mulibe. Pano anthu awiri atha kulipira ndalama zofanana, kukhala mzere umodzi, wina n'kuona zonse, mnzake n'kumayang'anizana ndi chitsulo masewero onse.

Manambala a pa tikiti aja akutanthauza chiyani?

Tikiti imakhala ndi manambala atatu: chigawo, mzere, mpando. Zigawo za manambala ang'onoang'ono ndi za m'ma 100 zili pansi, pafupi ndi osewera. Kumeneko kulibe nsanamira, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Za m'ma 200 zili kumbuyo kwa zimenezi, kunsi kwa denga. Mukakwera pamwamba mupeza za m'ma 300 kutsogolo, za m'ma 400 kumbuyo kwake. Kuseri kwa bwalo losewereramo kuli mabenchi opanda denga, omwe eni ake amati bleachers.

Chenjezo limodzi: manambalawa anasinthidwa mu 2019. Malangizo akale a pa intaneti amene akunena za zigawo za m'ma 500 akunena zomwe lero ndi za m'ma 400, ndipo zomwe iwo akuti 400 ndi 300 za masiku ano. Onani chaka chimene munthuyo analemba musanamumvere.

Nanga inuyo mumakhala pati?

M'ma 300, kufupi ndi kumbuyo kwa womenya mpira. Sindisinthasintha pa zimenezi. Pamenepo uli kutsogolo kwa nsanamira za pamwamba, bwalo lonse lili poyera ngati mphasa yoyala, ukuona khoma lija lomera zomera zoyanga zomwe anadzala mu 1937, ndi chikwangwani chakale cha zigoli chomwe mpaka lero manambala ake amasinthidwa ndi manja a anthu okhala mkati mwake. Kwa munthu amene akuphunzira kumene masewerowa, pamwamba ndi pabwino kuposa pansi. Baseball imachitika malo angapo nthawi imodzi: wina akumenya, wina akuthamanga, ena atatu kutali uko akusuntha mpira usanaponyedwe n'komwe. Ukakhala pansi penipeni umaona nkhope za osewera, inde, koma chimene chikuchitika umachimva ndi phokoso la anzako.

Za m'ma 200 zikuoneka zotsikirako mtengo. Pali msampha?

Ulipo, ndipo ine ndinakodwamo. Ulendo wanga woyamba ndinaona tikiti yotchipa kuposa zinzake za m'chigawo chomwecho, mtima n'kuti lero ndatola. Mawu ochenjeza kuti mpandowo uli ndi chotchinga analipo, kulakwa kunali kwanga, sindinawerenge. Nditafika ndinapeza nsanamira itaima ndendende pakati pa ine ndi woponya mpira. Masewero onse ndinkangosuzumira uku ndi uku ngati mwana wobisala kuseri kwa nkhokwe. Ndikapendekera kumanja ndikuona woponya, ndikapendekera kumanzere ndikuona womenya, koma awiriwo pamodzi ayi. Mayi wina wachikulire amene anakhala pambali panga, pensulo m'manja akulemba zigoli m'kabuku kake, anangondiyang'ana n'kumwetulira. Iye ankadziwa mpando womwe anagula.

Komabe zigawo zimenezi si zoti muzithawe. Mizere yoyambirira, ya kutsogolo kwa nsanamira, ndi ina mwa malo abwino kwambiri pa ndalama yake. Vuto limayamba mukapitirira nsanamira, ndipo likamka kumbuyo limaonjezeka ndi lina: denga limatsika moti mpira ukamenyedwa m'mwamba umasowa, umangoona osewera atayang'ana kumwamba. Chikwangwani cha zigoli nachonso sichioneka. Anaikako ma TV kuti athandize, koma munthu sungachoke ku South Bend, ku Indiana, kudzaonera TV.

Musanalipire, lembani nambala ya chigawo ndi mzere pa intaneti. Pali masamba omwe anthu amaikapo zithunzi zojambula ali pampando womwewo. Mphindi zisanu zimenezo n'zimene ine ndinaumira. Safunsa anadya phula.

M'ma 400 nkhani ndi yomweyo, nsanamira zili chakutsogolo kwa zigawozo. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko ndiko kotchipitsitsa, ndiye ngakhale chitsulo chikudyereni kachigawo ka bwalo, mtima supweteka kwambiri.

Kumabenchi kuli bwanji?

Amene munaonerapo mpira ku Biafra pa Kamuzu Stadium mwadziwa kale. Kulibe denga, benchi ilibe potsamira msana, phokoso ndi nthabwala n'zosayamba. Wosewera wa timu ya alendo akamenya mpira n'kugwera kumeneko, amene wautola anzake amamukuwiza mpaka auponyenso m'bwalo. Ndi mwambo wa pamenepo, ndipo mukaugwira n'kufuna kuusunga konzekani kunyozedwa.

Pa masewero a masiku onse mabenchi alibe nambala ya mpando, wofika msanga ndiye asankha, choncho anthu amafola panja zipata zisanatsegulidwe. Pa masewero apadera werengani tikiti yanu bwinobwino, chifukwa kachitidwe kamatha kusintha. Dziwaninso kuti khoma la masamba lija lili kunsi kwa mapazi anu ndipo chikwangwani chakale chili kumbuyo kwanu, ndiye zinthu ziwiri zimene anthu amabwerera pabwaloli simuziona bwino. Achinyamata kumeneko amasangalako. Agogo, apongozi ndi ana aang'ono ine sindingawatengere kumeneko, mowa umayenda kwambiri.

Dzuwa ndi mphepo n'zofunika kuziganizira?

Kuposa mtengo wa tikiti. Cubs imasewerabe masana kawirikawiri, ndipo Lachisanu ambiri masewero amayamba 1:20. Bwaloli linakhala lopanda magetsi a usiku mpaka 1988, ndiye chizolowezi chinakhazikika. Mbali ya Clark Street, komwe kumakhalanso osewera a Cubs, ili kumadzulo, ndipo mthunzi umayambira kumeneko. Mabenchi a mbali ya Sheffield Avenue ayang'ana kumadzulo, dzuwa likamapendeka limakulasani m'maso. A mbali ya Waveland Avenue limawaotcha tsiku lonse. Mu Julayi ndi Ogasiti Chicago imatentha ndi chinyontho chomata thupi ngati ku Nsanje, ndiye mthunzi wa m'ma 200 uja umasanduka chuma.

Mu Epulo, Meyi ndi Okutobala zinthu zimatembenuka. Nyanja ya Michigan ili pamtunda wosakwana makilomita awiri kuvuma kwa bwalo, ndipo mphepo yochokera kumeneko imalowa mpaka m'mafupa. Chaka china ndinatenga amalume omwe anabwera kudzacheza. Tinanyamuka kunyumba dzuwa likuwala, iwo atavala shati ndi kajekete kopepuka. Ndinawauza kuti, "Amalume, tengani juzi ija." Anandiyankha kuti munthu wokulira ku Dedza sauzidwa za chisanu. Pofika pakati pa masewero anali atakulunga manja m'khwapa, kapu ya chokoleti chotentha ataipana ndi mawondo, akuyang'ana anthu a kumabenchi omwe anali padzuwa atavula majekete. Bwalo limodzi, nyengo ziwiri. Miyezi imeneyi funani dzuwa, ndipo kabulangeti kakang'ono musakachite manyazi, eni dera amanyamula.

Mukafika yang'anani mbendera za pamwamba pa chikwangwani. Zikamaulukira kunja kwa bwalo, mipira ituluka yambiri ndipo zigoli zichuluka. Zikamaulukira mkati, konzekani masewero a zigoli zochepa.

Ndaona anthu akuonera ali pamadenga a nyumba za tsidya la msewu. Zimenezo n'zotani?

Nyumba za m'misewu ya Waveland ndi Sheffield zili ndi mipando pamadenga, ndipo zimagulitsa matikiti awoawo, nthawi zambiri chakudya ndi zakumwa zili momwemo. Kwa gulu la kuntchito kapena la tchalitchi lofuna kucheza n'zabwino. Koma muli kutali, ndipo zikwangwani zikuluzikulu za kanema zomwe anaimika mu 2015 zinatchinga ena mwa madengawo. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, lowani m'bwalo.

Matikiti ndigule kuti, ndipo a All-Star amapezeka bwanji?

Yambirani pa tsamba la Cubs kapena la MLB. Akatha kumeneko, misika yodziwika yogulitsirana matikiti ndi monga SeatGeek ndi StubHub. Tikiti masiku ano imakhala mu foni, pa pulogalamu ya MLB Ballpark, ndiye madobadoba a pamsewu okuonetsani pepala kapena chithunzi cha tikiti apitirireni. Chimodzimodzi munthu wa pa Facebook wonena kuti mutumize kaye ndalama. Foni ikhale yodzaza moto, ndipo tikiti muitsegule musanafike pachipata chifukwa pakhamu netiweki imavuta.

All-Star si tsiku limodzi. Pamakhala masewero a achinyamata omwe akuyembekezeka kudzatchuka, Lolemba mpikisano womenya mipira kunja kwa bwalo wotchedwa Home Run Derby, kenako Lachiwiri masewero enieniwo, omwe mu 2027 akonzedwa pa 13 Julayi. Aka kadzakhala kachinayi ku Wrigley Field, pambuyo pa 1947, 1962 ndi 1990. Matikiti ambiri amayamba apita kwa anthu ogula mipando ya chaka chonse ndi makampani othandiza ligi, ndipo kawirikawiri amagulitsidwa mophatikiza masiku onse. Otsalira enafe ndi ochepa ndi odula. Maganizo anga ndi akuti ngati thumba likulola tsiku limodzi ndipo muli ndi ana, sankhani Lolemba. Ana safunika kudziwa malamulo kuti asangalale ndi mpira wouluka kupitirira khoma. Ndipo tsiku limenelo ndi lokhalo limene mabenchi amaposa mipando yonse.

Ndigone pafupi ndi bwalo?

Ngati ndalama si nkhani, Hotel Zachary ili tsidya la Clark Street, moyang'anizana ndi bwalo. Inatsegulidwa mu 2018 ndipo dzina lake ndi la Zachary Taylor Davis, katswiri amene anajambula pulani ya bwaloli. Koma Wrigley Field ili pakati pa nyumba za anthu, mahotela m'derali ndi owerengeka, ndipo pa masewero akuluakulu amadzaza miyezi yambiri nthawi isanakwane. Kuonjezera apo Clark Street ndi msewu wa mabala, phokoso limafika usiku kwambiri, makamaka Cubs ikapambana.

Ine sindiyeza malo ogona ndi kutalika kwake kuchokera pabwalo. Ndimayeza ndi mapazi ochokera pakhomo la hotela kufika pa siteshoni ya Red Line. Sitima imeneyi imayenda usana ndi usiku, ndipo siteshoni yake ya Addison ili mtunda wongodumpha msewu kuchokera pabwalo. Hotela ya pafupi ndi masiteshoni a Belmont, Fullerton, Clark/Division, Chicago, Grand kapena Lake ikufikitsani osasintha sitima. Kuchokera pakati pa tauni ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 20. Madera a River North ndi Loop ndiwo ali ndi mahotela ochuluka, ndipo pochuluka ogulitsa mpomwe mtengo umapindika. Achinyamata osadandaula kugona chipinda chimodzi ndi alendo ena atha kuyesa HI Chicago ku Loop. Polipira sitima mutha kungogunditsa khadi la kubanki kapena foni pachipata, kapena kugula khadi la Ventra.

Ndapeza hotela yotchipa ku Addison. Ndiye pafupi, eti?

Imani kaye. Dzina limeneli lasocheretsa ambiri. Pali tauni yotchedwa Addison kunja kwa Chicago chakumadzulo, kutali ndithu ndi bwalo, ndipo mahotela ake amatuluka mukafufuza pa intaneti. Komanso masiteshoni a sitima otchedwa Addison alipo atatu: wa Red Line, wa Brown Line ndi wa Blue Line. Wa pabwalo ndi wa Red Line. Mukachokera ku bwalo la ndege la O'Hare pa Blue Line n'kutsikira pa Addison, mwatsala ndi makilomita angapo, ndipo mufunika basi nambala 152 yoyenda mu Addison Street kulowera kuvuma. Njirayo ndi yabwinobwino bola mukhale mukuidziwa. Adiresi ya bwalo ndi 1060 West Addison Street, ikani imeneyo pa mapu muone mtunda weniweni musanalipire chipinda.

Kumbukiraninso kuti Chicago ili ndi matimu awiri. Red Line yomweyo mukaikwera yolowera kummwera ikakutulani pa Sox-35th, kwa White Sox. Kuchokera m'tauni kwerani yolembedwa Howard.

Chipinda ndisungitse liti?

Pa All-Star, tsiku ndi malo zimadziwika kale, ndiye sungitsani mahotela akangotsegula masikuwo. Tengani mtengo wolola kusintha maganizo osalipa kanthu, ngakhale ukhale wokwererako. Zinthu zimasintha: mu 2022 ligi inachedwa kuyamba chifukwa cha mkangano wa eni matimu ndi osewera womwe unatha masiku 99.

Masewero a mu Okutobala ndi ovutirapo. Sudziwa ngati timu ifika, sudziwa ngati iyambira pakhomo kapena koyenda, ndipo ena mwa masewerowo amangochitika ngati wopambana sanapezeke. World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, ndi ya masewero mpaka asanu ndi awiri: awiri kwa timu yomwe inachita bwino chaka chonse, atatu kwa inzake, awiri kubwerera koyamba kuja. Mu 2016, pomwe Cubs inatenga chikho patatha zaka 108, ku Wrigley kunaseweredwa achitatu, achinayi ndi achisanu okha, chikho chinakatengedwera ku Cleveland. Tikiti ya masewero amene sanachitike ndalama yake imabwezedwa, koma chipinda cholipiriratu mwa mtengo wosabweza ndiye mwataya.

Yang'ananinso kalendala ya mzindawo. Mpikisano wothamanga wa Chicago Marathon umachitika mu Okutobala, ndipo chikondwerero cha nyimbo cha Lollapalooza chimakhala kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Masiku amenewo zipinda za m'tauni zimasowa ngakhale baseball kulibe.

Mtengo wa chipinda womwe ndikuona ndi womwewo ndikalipire?

Ayi. Msonkho wa mahotela mu Chicago ndi woposa 17 peresenti, ndipo mahotela ena amaonjezerapo ndalama ina ya tsiku ndi tsiku. Pofika amakufunsani chiphaso ndi khadi la kubanki, n'kugwirako ndalama ya chikole yomwe imamasulidwa patapita masiku mutachoka. Ngati khadilo ndi lomwelo mukudyera, muwerengeretu, chifukwa m'bwalo salandira ndalama ya m'manja. Malo oimika galimoto pa mahotela a m'tauni amalipiritsa paokha, ndipo ndi odula.

Ife a ku South Bend sitingangopita n'kubwerako tsiku lomwelo?

Pa masewero a masana, mosavuta. Sitima ya South Shore Line imanyamukira pa bwalo la ndege la South Bend n'kukathera pa Millennium Station, ulendo wa maola awiri kapena kupitirirapo, ndipo kuchokera apo muyenda pang'ono kukakwera Red Line pa siteshoni ya Lake. Chiyambire 2023, pomwe anaika wotchi yofulumizitsa woponya mpira, masewero ambiri amatha m'maola osakwana atatu.

Koma pali ziwiri. South Bend ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye 1:20 ya pa tikiti ndi 2:20 ya kwanu, ndipo pobwerera ola lija mulibweza. Chachiwiri, si sitima zonse zimene zimafika ku South Bend, zambiri zimathera panjira. Masewero a All-Star ndi a usiku, ali ndi miyambo yambiri asanayambe, ndipo baseball ya masiku onse sithera mofanana mphamvu, amapitiriza mpaka wina apambane. Onani nthawi ya sitima yomaliza musananyamuke. Ikakhala yothina, gonani konko.

Bwanji ndingopita pa galimoto?

Mutha, koma osafika nayo pabwalo. Misewu yozungulira ndi ya eni nyumba okhala ndi ziphaso, ndipo pa masewero a usiku galimoto yachilendo amaikoka. Isiyeni kutali pafupi ndi siteshoni, mumalize ndi sitima.

Kukagwa mvula?

Bwalo lilibe denga lotseka. Amayala chinsalu chachikulu pabwalo n'kudikira, nthawi zina ola kapena kuposa. Pa masewero wamba, akadutsa zigawo zisanu mwa zisanu ndi zinayi za masewerowo, zotsatira zitha kuwerengedwa ngakhale mvula iwadule. Akalephereka, tikiti yanu imagwira ntchito tsiku limene awasamutsira, lomwe mwina ndi mawa lake. N'chifukwa chake wochokera kutali asakonze zonyamuka m'mamawa kutacha.

Ndili kumudzi, ndikufuna kudzaonera. Ndiyambe ndi tikiti?

Yambani ndi viza. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa a ku Malawi ndi Zambia ofuna viza yodzacheza, ndipo malamulo akhala akusinthasintha chiyambire pamenepo. Funsani ku ofesi ya kazembe momwe zinthu zilili musanatulutse ndalama ya tikiti, ndege kapena chipinda.

Chikwama ndingalowe nacho? Nanga tikumane pati ndi anzathu?

Chikwama chakumsana saloleza, ndipo sutikesi musaiganize n'komwe. Ngati mwatuluka kale m'chipinda, siyani katundu kwa olandira alendo pa hotela, ambiri amasunga mpaka madzulo. Pokumana, aliyense amati pa chikwangwani chofiira cha pa mphambano ya Clark ndi Addison, ndipo n'chifukwa chake pamenepo simungapezane, pamakhala anthu mazanamazana akujambulitsa. Panganani pa Gallagher Way, kabwalo ka kapinga ka mbali ya Clark Street, pafupi ndi chimodzi mwa ziboliboli za osewera akale monga cha Ernie Banks.

Masewero akatha musathamangire ku siteshoni ya Addison, khamu lake limasefukira mpaka mumsewu. Khalani kaye pampando muone mbendera imene akweze pamwamba pa chikwangwani: yoyera ya W ngati Cubs yapambana, yabuluu ya L ngati yagonja. Kenako yendani wapansi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu kupita ku siteshoni ya Sheridan chakumpoto. Sitima yolowera m'tauni imayamba yaima pamenepo isanafike pa Addison, ndiye mumalowa muli malo.